Msonkho wa Malemu Achimwene

Luwinga, Mzuzu
8 Julaye 2024

Okondedwa achemwali a Dina,

Landirani moni, inu ndi alamu ndi ana onse. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga amayi chifuwa chikuwatani ndi kuzizira kwa mwezi uno? Kuno mvula yowaza siikukata, zovala zikutha masiku atatu pachingwe. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Lachiwiri lija mutandiimbira, foni sinaduke yokha. Ndinadula ndine, ndipo za netiweki zija ndinakunamizani. Mawu anandithera. N'chifukwa chake ndati ndilembe, poti pepala silimuyang'ana munthu kumaso.

Munandiuza kuti Lamulungu mapemphero atatha, mkulu wa mpingo watsopano uja, pogawa makalata obwera m'bokosi la tchalitchi, anaitana dzina la achimwene a Eliya katatu, anthu onse ali zii. Munati alamu a Sellina, akazi awo, anatuluka akulira, amayi n'kukakhala pakhonde. Kalatayo ndi ya ku ofesi ya misonkho. Ikuitana munthu amene tinamuika m'manda ku Malemia zaka zitatu zapitazo kuti akaonekere yekha pa 22 mwezi uno, atanyamula chitupa, akafotokoze za mafomu amene watumiza chaka chino. Munatinso pamjigo anthu ayamba kunong'ona kuti Percy anasandutsa mkulu wake ndondocha, akumugwiritsa ntchito ku Mzuzu, n'chifukwa chake fizi ya mwana wa malemu ku sekondale ya Malosa sivuta.

Poyamba ndinafuna kuseka. Ine wokhwima? Munthu wa nsapato imodzi, yomwenso ndinakasoketsa kawiri? Koma kusekako kunandikanika, chifukwa anthuwo sanaphonye kwenikweni. Mvetserani mmene zinayendera.

Mukudziwa kuti bizinesi yowotcherera zitsuloyi anaiyambitsa ndi achimwene tidakali ku Zomba, tisanaisamutsire kuno ku Mzuzu. Zonse zili m'dzina lawo: satifiketi, nambala ya msonkho, ndi keyala yomwe, imene analemba ya tchalitchi chakwathu. Ine ndinali wosaina wachiwiri ku banki basi. Masukulu ndi mabungwe sapereka ntchito kwa munthu wopanda mapepala. Amafuna aone kuti wakhala ukupereka msonkho zaka zingapo, ndipo mbiri imeneyo anali nayo ndi iwo.

Pamene ankamwalira tinali pakati pa ntchito ya mawindo makumi asanu ndi limodzi a hositelo ina. Ndinabwerako kumaliro patatsala masiku anayi kuti pakwane pa 25, tsiku lotumiza fomu ya vati mwezi uliwonse. Vati ndi kamsonkho kaja timawonjezera pamtengo, kasitomala n'kutipatsa, ife n'kukapereka kuboma. Ndinati ndingotumiza ya mwezi umodzi wokha, ntchito ithe, ndalama ituluke, mwana wawo Linda apite ku Fomu 1. Nambala yachinsinsi yolowera pakompyuta anali atailemba ndi choko kuseri kwa chitseko cha shedi. Nditalowa, makinawo anandilonjera ndi dzina lawo. Ndinatumizabe.

Mwezi wotsatira ndinatumizanso. Siginecha yawo ndinaiphunzira pakatoni ka ndodo zowotcherera, mpaka inandikhala. Ndinkangoti mawa ndikanena, mawa ndikanena. Mawa ameneyo watha zaka zitatu.

Inu a boma, pa 27 foni imalira, malipiro alowa. Kuno sizili choncho, achemwali. Mwezi wina ntchito zimabwera zitatu nthawi imodzi, ukugona ndi maso oyabwa. Kenako miyezi inayi phee, ukuwotcherera timbaula ndi mahandulo a wilibala kuti upeze ya ndiwo. Koma fomu siidziwa njala. Kaya wapeza, kaya sunapeze, pa 25 uyenera kutumiza, ngakhale yongolemba ziro.

Chimene chandigwetsa ndi ichi. Mu Febuluwale ndinapanga geti ndi mpanda wazitsulo pa malo ogona alendo a bwana wina. Ndinamulembera invoisi, vati ili momwemo. Mpaka lero akungoti ndibwere mwezi wamawa, iye akuyenda pagalimoto yatsopano. Koma msonkho umafunika mwezi umene walemba invoisi, osati umene walandira ndalama. Ndinalibe, fizi ya teremu yachiwiri inali itandipsinja, ndiye ndinalemba ziro. Bwanayo ku mbali yake anakaonetsa invoisi ija kuti amuchotsere pa msonkho wake. A misonkho atafananitsa mapepala awiriwo, anaona kuti wina akunama. Ndipo pamapepala wonamayo si Percy.

Apa ndiye pakundiwawa. Achimwene mukuwakumbukira. Munthu uja anayenda wapansi kuchokera kumishoni kubwerera ku Songani kukabweza chenji chimene wogulitsa nyemba anawapatsa molakwitsa. Ali moyo sanachedwepo ndi fomu ngakhale tsiku limodzi. Ine ndawadikira agone kaye, ndiye n'kuwasandutsa wabodza.

Ndipo si pamapepala pokha. Makasitomala atsopano amaona dzina pa invoisi n'kumandiitana a Eliya, ine n'kumayankha. Mwezi watha m'sitolo yazitsulo, Maulidi uja ndinkaphunzira naye kupulaimale anandiona, n'kukuwa dzina langa lenileni kangapo. Sindinacheuke. Mpaka anachita kundigwira phewa, akufunsa ngati ndagontha. Ndinachita mantha kwambiri tsiku limenelo.

Chigoba cha achimwene chotchingira kumaso chikadali pamsomali pomwe anachisiya. Sindichivala, komanso sindingachichotse. Masana enieni, ndikazimitsa makina m'shedi muli zii, ndimamva ngati pali munthu kumbuyo kwanga akuyang'ana mmene ndalumikizira chitsulo, monga ankachitira muja. Sindikuti ndi mzukwa. Ndikungokuuzani mmene ndikukhalira.

Lachisanu ndinapita kwa mayi wina wa kutchalitchi kuno, a Lyness, amene amathandiza anthu za mafomu. Ndinawafotokozera zonse. Anati mapanga awiri avumbwitsa. Akuti ndipite ndekha pa 22, ndikanene zoona, nditanyamula kalata ya imfa, kuti dzinalo litsekedwe ndipo mlandu ukhale wanga. Chindapusa chidzakhalapo. Ngati zikafike kukhoti, anati iwo sangalonjeze kanthu. Ndikalembetsa m'dzina langa ndidzakhala ngati woyamba kumene, ndipo ntchito zazikulu zidzandidutsa chaka kapena ziwiri.

Jenereta ndaipezera kale wogula. Ikapita, ndikhala wodalira magetsi, amene mukudziwa khalidwe lake. Fizi ya Linda ya Seputembala ichedwa, ndipo mwina ndidzapereka pang'onopang'ono. Mwana ali pafupi kulowa Fomu 4, ndipo zimenezi zikundidya kuposa za khoti.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa alamu a Sellina, inuyo, osatuma munthu. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha pamene pakundiyalutsa. Kenako muwapemphe pepala la imfa lija anawapatsa kuchipatala ku Zomba, limene amasunga m'sutikesi pamodzi ndi jekete la malemu. Ndikudziwa kuti salola munthu kulikhudza. Muwauze kuti ndidzalibweza ndi manja anga. Mukalitenga mulipereke kwa kondakitala wa basi ya ku Mzuzu pa Malosa, munditumizire nambala yake. Likhale litafika pasanakwane pa 20.

Akakana, musawakakamize. Ali ndi chifukwa. Zaka zitatu akhala akundithokoza pa fizi, akugwada, osadziwa kuti ndalamayo ikubwera ndi siginecha ya amuna awo. Ndidzapitabe kuofesiko ngakhale chimanjamanja.

Amayi muwauze pang'onopang'ono. Muwauze kuti mwana wawo ali pomwe tinamuika, palibe anamudzutsa ndi mankhwala, palibe anamudula lilime. Sindinapite kwa sing'anga aliyense. Ndinangoopa njala, ndipo ndinaopa kukaima pamaso pa munthu n'kunena ndi pakamwa panga kuti mkulu wanga anamwalira. Kupatula kwa a Lyness, mpaka lero mawu amenewo sindinawanenepo kuno ku Mzuzu. A pamjigowo musalimbane nawo, atopa okha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga amuna anu, kwa amalume a Yoswa ndi azakhali. Linda musamuuze kanthu mpaka mayeso a teremu ino atatha. Mundipempherere pa 22 m'mawa.

Mukaona pofufuta pamunsipa, musadabwe. Dzanja linayamba kulemba dzina lawo.

Ndine mlongo wanu,
Percy