Azakhali sachoka pano

Achimwene,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Kambombo tilipo, kupatula mng'ono wathu Tiza. Manje akuyenda dzandidzandi ngati malemu atate.

Amalume anasonkhanitsa abale kuti tithamangitse azakhali, ati ndiwo akumulodza. Ine ndinaima pakhomo pa azakhali n'kunena zimene adokotala anatiuza. Matendawa ndi akumtundu. M'zimene timatengera kwa makolo muli kachigawo kamene kamadzibwereza mopitirira, n'kumawononga ubongo. Kamatha kutalikirako mwa mwana, n'chifukwa chake Tiza wayamba msanga kuposa atate.

Amalume anati, "Khala chete, mwana iwe!" Ndinakana.

Mutumizireko Tiza ndodo yolimba. Azakhali ndiwo amamudyetsa, ndipo sachoka pano. Mwina mawa adzadyetsa ine, kapena inu.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati