Nambala Yanu Ili ndi Wabutchala

9 Okutobala, 2024

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga omwe ndimangomva mbiri yawo. Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakale. Nambala yanu yatsopano ndilibe, ndipo mnzanu uja woyendetsa malole wakana kundipatsa, akuti munamulumbiritsa. Wavomera kunyamula envulopu yokha. Ndiye muwerenge yonse, chifukwa ndimakudziwani, mumawerenga mizere iwiri n'kuika pansi.

Ndiyambe ndi nkhani ya makompyuta, popeza ndi imene mumaimva msanga. Mukukumbukira akaunti ija munatsegulira situdiyo ya Bambo, ya imelo ndi yosungiramo zithunzi pa intaneti? Munawaphunzitsa kuti akamaweruka aziika zithunzi zonse mmenemo, kenako azifufuta khadi la mu kamera. Bambo sanakumvereni pa zambiri, koma pa ichi chokha anakumverani mopitirira muyeso. Ngakhale maalubamu athu akale anawajambulanso n'kuika momwemo. Denga litadontha chaka chatha n'kuwoletsa mapepala onse m'kabati, iwo anangoti, "Zili kumitambo, mukulira chiyani?" Kusindikiza zithunzi za m'banja ankakana, ankati pepala ndi la makasitomala. Choncho m'nyumba ya wojambula munalibe chithunzi cha malemu Amayi ngakhale chimodzi.

Mwezi wa Ogasiti Bambo anagwa m'situdiyo, pakati pa magetsi awo aja a maambulera. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapindika, mawu anatsala owerengeka. Atatulutsidwa tinawagoneka m'chipinda cha kuseri chija munkatsukiramo zithunzi, kuti ndiziwasuzumira ndikugwira ntchito. Tsiku lililonse ankaloza laputopu ndi dzanja lamanzere n'kumati, "Mayi ako. Mayi ako." Ankangofuna kuona nkhope ya mkazi wawo, basi. Dokotala anali atandiuza pambali kuti mtima wawo watopa, tisayembekezere zambiri.

Nditatsegula laputopu inandifunsa pasiwedi. Mukuwadziwa Bambo anu, ankaisintha nthawi iliyonse akakwiya ndi munthu, osailemba pena paliponse. Ndinawagwiritsa cholembera ku dzanja lamanzere, anangojambula mizere yokhotakhota n'kuyamba kulira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a Amayi. Ndinayesa mayina athu, masiku obadwa, dzina la galu wathu uja, mpaka akaunti inanditsekera kunja ngati wakuba.

Inati woyang'anira wamkulu yekha ndi amene angatsegule, ndipo woyang'anirayo ndi inu. Inati itumiza nambala yachinsinsi ku foni yanu yakale. Apa m'pamene ndinakumbukira simu khadi ija munasiya patebulo tsiku lomwe munkachoka, mutatha kulalatirana ndi Bambo. Munati Bambo aziiika mu foni mwa apo ndi apo kuti isafe. Ndinaipeza m'kabotolo ka filimu, mmene anaiponya tsiku lomwelo. Anali atatemetsa nkhwangwa pamwala kuti sadzakhudzanso kanthu kanu. Ku kampani ya mafoni anandiuza kuti layini ikakhalitsa osagwira ntchito amaipereka kwa wina, ndipo yanuyo ili kale ndi mwini wake.

Ndinalembera a kampani ya imelo. Anandiyankha ndi makina, mwaulemu kwambiri, kuti nditumize zikalata zosonyeza kuti bizinesi ndi yathu, kenako ndidikire. Ndinatumiza, anapempha zina, ndinatumizanso. Iwo sankadziwa kuti kuseri kwa katani kuli munthu amene sangadikire.

Ndiye ndinaimba nambala yanu. Achimwene, ndinkangoona ngati muyankha ndinu. Anayankha bambo wa mawu okhuthala, kumbuyo kukumveka chikwanje chikugwera pa fupa.

"Pepani bambo, pa foni yanu pabwera nambala. Ndikupempha mundiwerengere."

"Mwayambanso eti? Anzanu anandibera kale, inu mwachedwa." Anadula.

Sindinganene kuti analakwa, chifukwa ine ndemwe ndimauza makasitomala kuti nambala yotero sauza munthu. Ndinaimbanso, ndinalemba mauthenga, mpaka ananditseka. Kenako ndinabwereka foni ya atelala oyandikana nafe, ndinasintha mawu, ndinati ndikufuna nyama yambiri ya ukwati. Apo ndiye anandilondolera njira bwinobwino, mpaka mtundu wa chitseko.

Butchala yake ndi kachipinda ka matailosi oyera osweka m'makona, sikelo patebulo, miyendo ya ng'ombe italendewera pa ndowe. Mwini wake ndi munthu wamkulu thupi, wa imvi m'mbali, epuloni ili magazi okhaokha. Nditangotulutsa laputopu m'chikwama anandizindikira.

"Ndinu mayi wa nambala uja?"

"Ndine amene, bambo."

"Ndiye akuba a masiku ano mumachita kufika pamaso?"

Ndinamufotokozera zonse, za Bambo, za Amayi, za inu. Ankamvetsera uku akupukuta mpeni, osandiyang'ana.

"Mayi, chikakuluma chakuda umaopa ndi khala lomwe," anatero. "Winayo anandiuza kuti mwana wake ali m'chipatala, akulira ngati inuyo. Ndinamuwerengera. Mawa lake ankapemphetsa kwa abale anga m'dzina langa, mpaka lero mlongo wanga sandilankhula."

"Ndiye bwerani mudzawaone nokha bambo angawo."

"Ndibwera Lamlungu ndikatseka. Ndikawaona ndi maso angawa, ndiwerenga."

"Lamlungu ndi kutali, bambo. Tiyeni pompano, ndikuperekezani pobwerera."

"Nyamayi ndiisiyire ndani? Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Ndinagwada pansi ponyowapo, makasitomala akundiona. Ine amene mumanditcha wamakani, ndinagwada kwa munthu wachilendo chifukwa cha simu khadi. Iye anatembenukira kwa mayi wina n'kumufunsa ngati akufuna yamafupa kapena yamnofu. Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo, koma sindinadziwe kuti ndikwiyire ndani.

Nditafika ndinawauza Bambo kuti Lamlungu aona Amayi. Anagwedeza mutu. Ndinawameta ndevu, ndinawasinthira malaya, ndipo laputopu ndinaisiya pabedi chifukwa ankadandaula ndikaichotsa. Ankagona dzanja lamanzere lili pamwamba pake, ili chitsekere.

Wabutchala anasunga mawu ake. Anabwera Lamlungu masana atavala malaya oyera, atanyamula chiwindi m'pepala, akuti cha wodwala. Anaima pakhomo la situdiyo, anaona mabenchi obwereka ataunjikidwa pakona, magetsi a maambulera atapindidwa, Azakhali akusesa maso ali otupa. Sanapemphenso kuona munthu. Anavula chipewa, ndipo nambala itabwera sanaiwerenge, anangondipatsa foni yonse m'manja. Ndinalemba manambalawo, akaunti inatseguka nthawi yomweyo, ngati kuti sinavutepo.

"Mayi, ndikanadziwa," anatero.

Ndinamuuza kuti sanalakwe, ngakhale mawuwo ankandiwawa pakamwa. Chiwindi chija anachisiya pa sitepe, sitinadziwe n'komwe nthawi imene anachoka.

Zonse zilimo, Achimwene. Maukwati a anthu, makanda, zithunzi za ziphaso, inu muli ndi mano awiri. Amayi ndinawapeza m'foda imene Bambo analemba kuti Zokanika. Mukukumbukira kuti Amayi ankaphethira magetsi akangong'anima, Bambo n'kumakalipa kuti akuwononga filimu? Sanataye ngakhale chimodzi. Amayi ali pampando wa makasitomala uja, kumbuyo kuli nsalu ya mapiri, akuseka maso ali otseka, chaka ndi chaka mpaka tsitsi kuyera. Ndinaziona zonse ndekha, nditakhala pabedi la kuseri. Zinandipweteka kuposa mmene ndingalembere.

Tsopano woyang'anira ndine. Ndasintha pasiwedi, ndaika nambala yanga, ndipo ndasindikiza zithunzi za Amayi mpaka inki kutha. Chimodzi ndaika m'envulopumu. Akaunti inandifunsa ngati ndikufuna kuchotsa woyang'anira wakale, dzina lanu lili pamenepo ndi kabatani kofiira pambali. Sindinadine. Musaganize kuti ndi chifundo, ndakukwiyirani ndipo ndikhala wokwiya kwa nthawi ndithu. Koma ine ndi munthu, mawa galimoto ikhoza kundigunda, ndipo sindikufuna mwana wanga adzagwade m'butchala. Chomwe ndikupempha n'chimodzi, nditumizireni nambala imene mumayankha, ndiiike pamenepo. Ngati simukufuna kuti ndiziimba, nenani, sindiimba.

Mwina munena kuti simunadziwe, ndipo n'zoona. Bambo ndi amene anaponya khadi m'kabotolo, inu ndi amene munasintha nambala osauza mlongo wanu. Nonse awiri munali ndi mitu youma mofanana, ine n'kumakhala pakati kunyamula mauthenga amene palibe anawatuma.

Pepala likutha, ndiye landirani moni. Azakhali akupereka moni, akuti miyendo ikuwavuta koma akhala nane mpaka kumapeto kwa mwezi. Atelala akupereka moni, akuti suti yanu ija munasiya isanathe ikadali pamsomali. Mwana wanga, amene simunamuonepo, wayamba kuyenda, ndipo moni wake ndikumuperekera ine. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti pakhomo pano sadzabwezedwa.

Bambo sakupereka moni. Anatisiya Lachisanu m'mawa ndikuwatenthetsera madzi osamba, ndipo tinawaika m'manda Loweruka. Musandifunse ngati anakutchulani, mawu anali atawathera ndipo sindikufuna kukunamizani. Amayi sanawaone.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza