Dzina Langa Pageti

Lachinayi. Lero mtima wakhala pansi.

"We shall notify you by phone," anatero abwana a kampani ya ku Kanengo nditamaliza intavyu. Milungu itatu ndakhala ndikulowa ndi foni ngakhale kubafa.

M'mawa amake Chikondi, aneba athu ogulitsa mandasi pageti la kampaniyo, anandikodola pasiteji.

"Achimwene, mukungoyendayenda? Dzina lanu analimata pageti kalekale. Mukapanda kufika mawa aikapo wina!"

Ndinathamangira komweko nditavala masilipasi. Ndasaina, ntchito ndiyamba Lolemba. Za yunifolomu mlembi akuti "we'll keep you updated." Ndayamika mwaulemu, koma ndizikafunsa kwa amake Chikondi.

Mpaka pano foni sinalire.