Moto pa Munda wa Sukulu

Ngauma, Niassa
4 Disembala 2023

Okondedwa achemwali anga aLuciya,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Liwonde. Ifenso kuno tadzuka, ndipo lero ndikutha kunena zimenezi osanama. Mafoni anu aja ndinkawaona, koma sindinkayankha dala. Ndikanangotsegula pakamwa mukanadziwa kuti kuno zinthu sizili bwino, ndipo inu ndimakudziwani, dzuwa lisanalowe amayi akanakhala atamva kale.

Mukudziwa kuti alamu anu aNorberto, bambo a Takondwa, saphunzitsa za pabolodi ngati anzawo. Iwo ndi a phunziro la ulimi, lija analibweretsa mongoyesera pasukulu pano. Anawauza poyera kuti mu Novembala kudzabwera akuluakulu a zamaphunziro ochokera ku Lichinga kudzaona munda wa sukulu. Akakhutira, phunziro lipitirira. Akapanda kukhutira litsekedwa, ndipo ntchito yawo yathera pomwepo, poti sanawalembe yokhazikika.

Chaka chonse munthuyu wakhala akuphunzitsa ana ulimi wophimbira: osatentha, osaunga mizere, kungoyala mapesi pansi kuti nthaka isunge chinyontho. Mapesi a m'munda momwemo sanakwane, ndiye iwo ndi ana asukulu ankayenda kupempha m'minda ya anthu, kututa pamutu ndi panjinga mpaka cha ku Itepela. Ine ndinkawaseka kuti aphunzitsi anzanu amaweruka ndi choko m'manja, inu chisoso m'thalauza. Koma kunena zoona, achemwali, mundawo kwa munthu wosadziwa unkaoneka ngati wa munthu amene wadwala chilimwe chonse.

Mu Okutobala anawaitana ku Cuamba, kumsonkhano wa aphunzitsi a ntchito zamanja, aukalipentala, azosoka, azamagetsi ndi iwo aulimi. Sabata yomweyo mayi Isabel, mkulu wa sukulu, anaitanitsa makolo n'kuwauza kuti aphunzitsi amenewa amagwira ntchito opanda zipangizo, tiyeni tiziwathandiza. Iwo ankanena za makasu ndi wilibala. Koma zikuoneka kuti panali wina amene anali atadandaulapo kumjigo kuti a pulofesoro, monga amawatchulira aphunzitsi kuno, akufa okha ndi munda, makolo akungoonerera. Musandifunse kuti anali ndani, kumjigo kumalankhulidwa zambiri.

Loweruka lake ndinalawirira ku Mandimba kukagulira Takondwa nsapato. Pobwerera, shapa, minibasi yathu ya kuno, isanaime n'komwe, ndinaona utsi cha kusukulu. Mtima unangoti phaa! Ndinatsika ndikuthamanga, mwana kumbuyo akulira ndi nsapato zake m'manja.

Ndinapeza dima, achemwali. Dima lenileni, ngati aja ankaitana malemu bambo athu, amuna kutsogolo ndi makasu, amayi akuimba, ndowa za thobwa pansi pa mango. Anali atasosa munda wonse, mapesi onse ataunjika n'kuyatsa, ndipo chakumtunda anali atayamba kale kuunga mizere yowongoka bwinobwino. Che Amidu, wapampando wa makolo, mkulu uja amalima fodya kutsidya kwa dambo, anabwera kudzandichingamira akupukuta thukuta ndi chipewa, mano onse pamtunda.

"Amayi a pulofesoro, mwafika nthawi yabwino! Onani, manyazi tawachotsa. Alendo akabwera apeza munda wa anthu, osati tchire lija."

"Mayo ine, Che Amidu! Mwatentha?"

"Zonse, amayi, sitinasiye ndi phesi limodzi lomwe. Ana asukulu amati atiletse, ati aphunzitsi anaika dala. Ndawauza kuti ulesi wanu womwewo ndi umene wawatopetsa bambowa."

Ndinangokhala pansi paphulusa pomwepo. Amayi ena anandibweretsera thobwa, poganiza kuti ndi chimwemwe chimene chandikhazika pansi.

Bambo a Takondwa anafika Lolemba masana, atanyamula kathumba ka mbewu kamene anawapatsa ku Cuamba. Anaima m'mbali mwa munda nthawi yaitali. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anasiya chikwama, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kuthokoza aliyense amene anabwera kudima, monga mwa mwambo. Nditawafunsa kuti mukuthokoza chiyani, anati, "Laurinda, anthuwa asiya nazale zawo za fodya n'kudzandilimira ine. Ndikawauze kuti alakwa?" Kenako anayamba kundifunsa ngati amuna anu angawapezere ntchito iliyonse kumeneko ku Liwonde, ngakhale yolondera. Kudya analeka, ankangotola pang'ono n'kusamba m'manja. Ndinachita mantha kwambiri, sindinawaonepo chotero chikwatirane.

Inu mumati pakamwa panga palibe chitseko. Ulendo uno panathandiza. Lachitatu m'mawa ndinamanga chitenje n'kuwoloka dambo. Ndinawapeza Che Amidu akuthirira nazale, ndipo ndinawauza zonse osazungulira: kuti mapesi aja ndiwo anali phunziro, kuti alendo akubwera kudzaona mapesi omwewo, ndi kuti ntchito ya amuna anga yapsera limodzi ndi moto wawo. Mkulu uja anatula kheni pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ana aja amanena zoona?"

"Zoona zokhazokha."

"Ndipo a pulofesoro anabwera pano dzana, kukhala pampando uwu, kundithokoza?" Anagwira pakamwa. "Iii, amayi, tamupha mwana wa eni."

Tsiku lomwelo anatuma anthu kukafuna mapesi. Mapesi ake ati, mu Okutobala? Minda yonse inali yakuda bii, kumene eni ake sanatenthe anatentha osaka mbewa. Anabwerako ndi timitolo toti sitingakwane ngakhale pogona mbuzi. Ine pamenepo ndinataya mtima, ndinayamba kuwerengera mumtima katundu amene tinganyamule pashapa ndi amene tingasiye.

Lachisanu ndikusesa pabwalo, ndinaona njinga ikubwera, munthu wake osaoneka chifukwa cha udzu. Anali Che Amidu. Anaima pakhomo n'kufunsa amuna anga, "A pulofesoro, nthakayo imasankha? Ikufuna mapesi okha, kapena udzu ungachite?" Iwo anati ungachite. Koma atauyang'anitsitsa anaona kuti ndi udzu wofolera, wosankhidwa bwino, wopesa kale, umene munthu amamweta mu Juni n'kuusunga pathandala kudikira kufolera mvula isanagwe.

"Che Amidu, uwu ndi wa denga lanu. Sindingalandire."

"Pamene ndinkayatsa moto ndinakufunsani? Lero musandiuze zochita."

Kumbuyo kwawo kunkabwera ena, wina pamutu, wina pangolo, wina wachita kusasula chigafa cha fodya. Anasalaza mizere yawo yokongola ija ndi manja awo omwe. Ndipo poyala udzu, ana asukulu aja anawatcha aulesi ndiwo ankalangiza: "Ayi agogo, mwachulutsa, chimanga sichingaboole pamenepo." Akuluakulu a imvi ankangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira yokha.

Alendo a ku Lichinga anabwera pakati pa Novembala. Mayi amene ankawatsogolera anawerama, kutola udzu, n'kufunsa chifukwa chake munda waphimbiridwa ndi udzu wa denga. Amuna anga anayamba kusakasaka mawu achipwitikizi oti abise nkhaniyo, koma Che Amidu anaimirira n'kuulula zonse, osasiyako ndi za thobwa zomwe. Pomaliza anati, "Ife tinabadwa tikutentha. Mukawachotsa bambowa, chaka chamawa titenthanso, ndipo sipadzakhala wotiuza. Asiyeni, koma Loweruka aziphunzitsanso ife." Mayi uja anaseka mpaka kugwira galimoto. Sanalonjeze kanthu tsiku limenelo, ndipo masabata otsatirawo tulo sindinkationa.

Yankho lafika Lachinayi lapitali kudzera kwa mayi Isabel. Phunziro lipitirira, achemwali! Alamu anu awalembanso ntchito, ndipo akuti makasu ndi wilibala zibwera sukulu ikamatsegulira. Munthu uja anadya mbale ziwiri n'kufunsa ngati kwatsalako. Mvula yagwa, chimanga chamera, chikuboola udzu uja mizeremizere. Tsopano amayi mukhoza kuwauza, koma muyambire kumapeto, kuti ntchito ilipo, kenako muzibwerera m'mbuyo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti za ulonda aiwale. Moni kwa Madalo ndi Mayamiko, Takondwa akuti abwere adzaone nsapato zake. Bambo a Takondwa akanalembapo okha moni wawo, koma sali pakhomo. Mvula ya dzulo yalowa m'nyumba mwa Che Amidu, ufa wanyowa, akazi awo anakhala chiimire atafunda thumba, ndipo mkuluyo sanauze munthu, tamvera kwa ana. Ndiye alawira komweko ndi makwerero, kukayesa kuphatika ndi timaudzu ta m'dambo.

Tsono chitenje cha Khirisimasi chimene mumanditumizira chaka ndi chaka, chaka chino musagule. Mugule pepala lakuda lija lofolerera nyumba, lalikulu ndithu, mupatsire aliyense wodzera pa Chiponde. Chonde musachedwe, kumwamba kwadanso.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Laurinda