Makiyi a Stavros

Col,

Usandifunefune, ndanyamuka ndi thiraki, ulendo wa ku Darwin. Inde, ine ndemwe ndimalira dzulo kuti ntchito yatha!

M'mawa uno ku depoti abwana anatsimikiza kuti malipiro a madalaivala awakulira, ndiye ife olowa kumene atichotsa. A bungwe lathu la ogwira ntchito anati njira ndi imodzi: akale asiye kukakamira maulendo ataliatali onona aja, tizigawana tonse. Ukudziwa kuti kuno ulendo wa mwini sukhudzidwa.

Kenaka Stavros, nkhalamba yosabwereketsa ngakhale sipanala ija, anandiponyera makiyi ake. "Raelene, tenga Darwin. Ukakagunda ng'ombe, usabwereko." Col, msewu umenewu wakhala wake ife tisanakwatirane! Akale onse anatsatira, makiyi mbwee patebulo.

Pepa, tsiku lako lobadwa usangalala ndi galu. Nyama yako ndatengako theka, usandizenge mlandu. Imbira wogulitsa nyumba uja, umuuze kuti sitikusamukanso. Chikwangwani chake uzule lero lomwe. Pobwera ndidzapeze dzenje lokha.

Raelene