Galu Wopanda Mano wa Nambala 15

Lolemba, 9 Juni

Lero tasamutsira pulogalamu yogulitsira matikiti a mabasi pa seva yatsopano, kompyuta yaikulu yoyendetsa ntchito zathu. Ntchitoyi Bwana anaipereka kwa mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba. Ndinamulowetsa pakampani pano ndine, ndipo akadali pa miyezi yoyesedwa.

Pamsonkhano mlamuyo anafunsa, mawu ali pansi, za ssignal ndi gsignal, timalamulo takale tomwe tili m'pulogalamumo. Ndinamulongosolera ngati mwana: ssignal imauza pulogalamu chochita belu likalira, gsignal ndiyo imaliza belulo. Penapake pali gsignal(15) yopanda woiyankha. Iye akuti tiichotse, zimenezo zinatha ntchito. Ine ndati ameneyo ndi galu wopanda mano, wakhala akuuwa iwe usanagwireko kiyibodi, msiye. Onse kuseka chikhakhali. Zinandikomera, ndisaname.

Lachiwiri, 10 Juni

Pulogalamu yazima katatu. Ku depoti mzere mpaka kumsewu, makondakitala akulemba matikiti pamanja.

Lachitatu, 11 Juni

Yazimanso. Bwana amukalipira mlamu chitseko chili chotsegula, ati wosamutsa ndiye wasokoneza. Iye anangoti "Pepani, bwana," manja kumbuyo. Ine maso pa kompyuta, ngati ndili kalikiliki.

Lachinayi, 12 Juni

Kalanga ine! Nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka, ndinawerenga malangizo a seva yatsopanoyi. Pa makina akale, gsignal yopanda woyankha inkangobwerera chimanjamanja. Kuno ndi dzina lina chabe la lamulo lotchedwa raise, imaliza belu lenileni, ndipo 15 tanthauzo lake n'kuuza pulogalamu kuti tseka, uzipita. Galu uja ali ndi mano onse.

Ndachotsa gsignal(15) ija m'pulogalamumo mwakachetechete. Sinazimenso. Bwana anadzandisisita paphewa, ati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndinamwetulira. Ine, munthu wa imvi, kumwetulira! Manyazi anandigwira.

Lachisanu, 13 Juni

Sekilitale wanditsina khutu: za mlamu agamula Lolemba, ndipo sizikuoneka bwino. Ndinafika pakhomo la ofesi ya Bwana kawiri. Koyamba anali pafoni. Kachiwiri anali okha, ine ndinafunsa za inki ya pulinta.

Loweruka, 14 Juni

Mayi a kunyumba akuti ndimulankhulire mlongo wawo, poti mawu anga amamveka kuntchito. Mkazi wa mlamuyo ndi woyembekezera. Ndati ndiona.

Lamlungu, 15 Juni

Mlamu anabwera masana kudzatikonzera loko ya pageti. Ine ndinamugwirira zitsulo. Kenako ndinayamba kuzungulira, kuti makina atsopanowa ndi ovuta, zina munthu sungazidziwiretu.

Osadzutsa mutu, anati: "Ndi gsignal ija, alamu. Ndinali nditawerenga kale tisanalowe mumsonkhano."

Ndinamufunsa chomwe sanawauzire Bwana Lachitatu, pomwe ankamukalipira.

"Ndikanati chiyani? Kuti alamu anga, ondipezera ntchito, ndiwo alakwitsa? Inu ndi akulu. Ndimadikira kuti munene nokha."

Sikuludiraiva inandigwa m'manja. Ndikuwerama kuti nditole, ndinaona mapazi a mayi a kunyumba pambali pa geti. Anali atatibweretsera madzi akumwa, sindikudziwa anafika nthawi yanji. Anamupatsa mlongo wawo kapu, inayo n'kubwerera nayo m'nyumba.