Uthenga wa Mabokosi pa Foni ya Ababa

Nathenje,
14 Ogasiti, 2004

Okondedwa achimwene a Gilibati,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko, pamodzi ndi alamu anga ndi kamwana kaja kamene timangokaonera pachithunzi. Kuno chisanu chapita, tsopano ndi fumbi lokhalokha. Ndasankha kulemba kalata chifukwa nkhani yake singakwane m'mameseji, komanso mukaimba foni mumayankhula mothamanga ngati kondakitala wa minibasi, mnzanu osapeza polowera.

Munandituma ntchito, ndiye nali lipoti lake. Ndiyambe ndi kubwereza mmene ndinaimvera, kuti ngati ndinaphonya mundikonze. Munati mukufuna kupanga pulogalamu ya pakompyuta yothandiza amalonda amene amatumiza mauthenga kumafoni a makasitomala awo. Pulogalamuyo izidziwa amene anavomera kulandira mauthenga ndi amene anakana, ndipo munthu akatopa nawo azingoyankha mawu amodzi, nambala yake n'kuchotsedwa. Munati kumeneko makampani amaopa kutumizira munthu uthenga popanda chilolezo chake, ndipo mantha amenewo afika kuno posachedwa. Munatinso amalonda akuno akaifuna, musiya ntchito mu Disembala n'kubwera kudzayamba zanu. Mawu omalizawa ndi amene akhala akundidya mumtima, chifukwa ntchito imeneyo munaipeza movutikira, ndipo alamu ndi mwana akuyang'ana inu.

Ndinayambira ku Mitundu tsiku la msika. A Masozi, ogulitsa feteleza ndi mbewu aja, anandipatsa mpando ndisanamalize n'komwe kupereka moni. Nditafotokoza, anawomba m'manja.

"Eee! Mwana wa aphunzitsi ameneyo! Mutu anatengera bambo ake. Zabwino kwambiri zimenezo, mumuuze abwere nazo."

A Pitala a golosale kuno ku Nathenje ananenanso chimodzimodzi, mpaka kunditsegulira fanta. Amayi ena ogulitsa zitenje anati akhala oyamba kugula. Aliyense amene ndinamufunsa anavomera, ndipo ine, mtima uli m'mwamba, ndinakutumizirani meseji ija yoti onse akuifuna. Munayankha kuti kalata yosiyira ntchito mwayamba kale kuilemba. Chonde, ngati simunaipereke, ikhale m'thumba kaye mpaka mumalize kuwerenga ino.

Chimene chinanditsegula maso ndi amayi a zitenje aja. Sabata yotsatira ndinawapempha nambala yawo kuti ndikupatseni. Anaseka n'kunena kuti foni alibe, ndipo sanaigwirepo chibadwire. Ndinachita manyazi ngati ndine ndanama. Inu mwakhalitsa kunja, ndiye mwina mwaiwala, koma ine ndinalibe chifukwa choiwalira. Kwathu kuno munthu akabwera ndi nkhani ya m'bale wake sitimubweza ndi ayi. Timati ndi maganizo abwino, timati tiona, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Nanga mwana wa aphunzitsi amene anawaphunzitsa a-e-i-o-u, ndani angamukane pamaso?

Ndiye ndinaganiza zowayesa ndi miyendo, osati pakamwa. Ndinawaitana onse kuti Loweruka masana adzakumane nane m'kalasi mwanga kusukulu, ndiwaonetse mapepala munatumiza aja. Ndinasesa, ndinakonza mabenchi, ndinajambula ndi choko pabolodi foni yaikulu ngati chitseko. Achimwene, sikunabwere ngakhale galu. A Masozi anatumiza mawu oti kwawo kwagwa zovuta. A Pitala ndinawaona ndi maso angawa akudutsa panjinga, nkhope atayang'anitsa kumunda wa chinangwa ngati muli chinthu chachilendo.

Sindinakwiye nawo. Ndinabwereranso kwa a Masozi, koma dzina lanu ndinalisiya kunyumba. Ndinangowafunsa ngati anayamba avutikapo chifukwa cha uthenga umene anatumizira kasitomala. Apa ndiye anayankhula ngati munthu wamalonda.

"Mayi, makasitomala anga okhala ndi foni ndi angati? Feteleza akafika ndimangouza amayi a pachigayo, pofika masana Mitundu yonse yamva, osawononga mayunitsi. Ndiye chilolezo mukunenacho apereke ndani? Foni imodzi imakhala ya mudzi wonse. Wavomera ndi mwini foni, wowerenga ndi mlamu wake, womva ndi aliyense amene ali pafupi. Komanso ine sindinamvepo munthu atatengedwa ndi apolisi chifukwa cha meseji."

Mawu awo oti womva ndi aliyense amene ali pafupi muwasunge, chifukwa ndi amene akundifikitsa pa munthu mmodzi yekhayo amene anabwera kudzandifunafuna yekha.

Mukuwakumbukira a Lackson, mmisiri wa matabwa wa m'mbali mwa msewu kuno ku Nathenje, kumene tinagula bokosi la maliro a amayi chaka chathachi? Tsiku lija munawasiyira nambala ya foni imene munabweretsera ababa, kuti atiuze bokosi likatha. Eya, nambalayo sanaitaye. Mwana wawo wa ku tauni atawagulira foni, anawauza kuti amalonda amakono amakumbutsa makasitomala awo. Iwo anatenga nambala za onse amene anagulapo kwa iwo n'kuyamba kutumiza uthenga, mmodzimmodzi, ndi chala chawo chokhuthala chija.

Wathu unafika Lachitatu masana kumudzi ku Mitundu. Ababa anali atagona pamphasa pakhonde, ndipo azakhali a Felesiya, amene akukhala nawo masiku ano, atamva foni ikulira anathamanga poganiza kuti ndinu. Mukudziwa mmene amawerengera, mokweza, liwu limodzilimodzi, osayamba aona kumene chiganizo chikupita. Anaima kumutu kwa ababa n'kuwerenga kuti: "Okondedwa kasitomala, mabokosi atsopano afika, olimba, a nsalu yoyera mkati. Mtengo watsika. Fulumirani asanathe."

Akuti pakhondepo panali amayi awiri a kumpingo amene anabwera kudzacheza, ndipo mmodzi anagwira pakamwa. Kenako ababa anayamba kuseka, kuseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, misozi ili mbwee. Atapezako mpweya anati, "Muyankheni mmisiriyo kuti uthenga wafika. Koma asathamange, ndikadali ndi munthu woti ndimuone."

Azakhali sanaseke nawo. M'mawa mwake anamanga chitenje m'chiuno, kukwera matola mpaka pa Nathenje, n'kukaima pakati pa mabokosi a a Lackson. Ine ndinali m'kalasi, koma ana a sitandade 6 amene anachedwa tsiku limenelo anandifotokozera zonse, ndi manja omwe. Akuti azakhali anawafunsa a Lackson ngati tsopano ayamba kuyeza anthu akadali moyo. Ndiye kunapezeka kuti si ife tokha. Uthenga womwewo unafika kwa mayi wina amene mwana wake anali m'chipatala, unafikanso pakhomo pena pamene panali chinkhoswe. Nkhani inayenda, ndipo mukudziwa mmene imakulira ikamayenda. Pofika Lamulungu anthu ankanong'onezana kuti a Lackson anakhwimira malonda awo, akuitana imfa ndi foni. Maliro awiri otsatira, abale anakagula mabokosi ku tauni, kudutsa pakhomo pawo ngati sakuwaona.

Lolemba lapitali a Lackson anabwera kusukulu, chipewa chili m'manja, utuchi uli m'tsitsi. Ndinawamvera chisoni, achimwene. Munthu uja si mfiti, ndi bambo wa ana asanu amene anangomvera malangizo a mwana wake.

"Aphunzitsi, ine sindimadziwa kuti kunyumbako kuli matenda," anatero. "Ndamva kuti achimwene anu ali ndi chinthu choletsa zoterezi. Chikanandiletsa?"

Ndinawauza kuti chikanayamba chafunsa ngati mwini nambala anavomera kulandira mauthenga awo. Anazunguza chipewa chija, kenako anapukusa mutu.

"Nanga ndani angavomere kuti azikumbutsidwa za bokosi? Ndiye kuti sichikanatumiza kwa munthu aliyense."

Ndinati mwina n'zoona. Iwo anatulutsa foni n'kundionetsa kuti nambala zonse anafufuta kale, inatsala ya mwana wawo ndi ya ogulitsa matabwa. Anandithokoza, n'kupempha kuti ndikawapepesere kwa ababa. Ndiye kasitomala wanu mmodzi yekhayo amene vutoli linamuluma zenizeni analithetsa yekha ndi chala chake, popanda kompyuta.

Maganizo anga ndi awa, ngati mlongo wamng'ono amaloledwa kukhala nawo. Chinthu mwaganizachi si chopusa. Ndaona ndi maso kuti uthenga wofika pakhomo osauitana umapweteka. Koma amene akumva kuwawa ndi olandira, ndipo olandira si amene angagule pulogalamu. Otumiza sakuopa kanthu, ndipo ambiri sakutumiza n'komwe. Mwina kutsogoloku mafoni akadzachuluka zidzasintha, mwinanso mabanki ndi makampani a m'tauni angakumvereni, ine kumeneko sindinafikeko. Yambani mwafunsa komweko kumene mukuti anthu ali ndi mantha kale, ndipo muzifunsa anthu osadziwa ababa, oti akhoza kukukanani osachita manyazi. Musawafunse ngati maganizo anu ndi abwino. Afunseni chimene chinawapwetekapo, ndipo muone ngati angadzuke pampando kukutsatirani. Koma ntchito musasiye chifukwa cha fanta wa a Pitala.

Tsopano ndikudziwa kuti pali pamene mwaima powerenga. Mwadzifunsa kuti ababa ankatani pamphasa masana, munthu amene sakhala pansi dzuwa lili pamutu, ndiponso chifukwa chiyani azakhali asiya nyumba yawo. Mwaonanso mawu a a Lackson aja oti kunyumba kuli matenda.

Ababa akudwala kuyambira nthawi ya Pasaka. Tinapita nawo kuchipatala ku Likuni, anagonekedwa, ndipo madokotala atawayeza anatiitanira pambali ine ndi azakhali. Anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu n'kutiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Jekete lawo la kutchalitchi lija tsopano likuwalendewera m'mapewa. Mukaimba Lamulungu, azakhali amawakhazika tsonga ndi mapilo, iwo n'kusonkhanitsa mphamvu zonse kuti mawu amveke ngati akale. N'chifukwa chake amafulumira kunena kuti mayunitsi anu akutha. Foni ikadulidwa amagona mpaka madzulo.

Ababa anatiletsa kukuuzani. Anati, "Musamusokoneze mwana, ali ndi zazikulu zoti apange. Abwera yekha mu Disembala." Ndawamvera miyezi yonseyi, ndipo ndinkadzinyenga kuti Disembala si patali. Koma ine ndi amene ndimawasambitsa Loweruka lililonse, ndipo manja angawa akundiuza zina. Ndiye uthenga uno ndautumiza popanda chilolezo cha mwini wake. Pulogalamu yanu ikanaukaniza, ndipo ababa akadzadziwa adzandikalipira. Ndalolera, bola adzandikalipire inu muli pompo.

Pemphani tchuthi kuntchito, musadikire Disembala. Musavutike ndi zogula, mashuga ndi mabulangete tili nawo. Ngati n'kotheka bwerani ndi mwana, chifukwa chithunzi chake chija chafika pothothoka m'makona ndi kuchigwiragwira.

Azakhali akupereka moni, akuti mukawapatsirenso alamu. A Masozi akuti mutu wanu ndi wabwino, ndipo pamenepo pokha sananame. Ababa sanapereke moni, popeza sakudziwa kuti ndikulemba. Koma foni ikangolira, ngakhale ali m'tulo, amatsegula maso n'kufunsa kuti, "Ndi Gilibati?"

Ine mlongo wanu wokukondani,
Tawina